Nyambo Yosagona: Mbiri ya Uwedzi Wokoka pa Nyanja ya Michigan

M'mwezi wa Ogasiti doko la Ludington, kugombe la kum'mawa kwa nyanja ya Michigan ku America, limadzuka kukadali mdima wa ndiweyani. Isanakwane 5 koloko maboti amakhala atayamba kale kutuluka, atatsatana ngati ng'ombe zochoka m'khola, tinyali tofiira ndi tobiriwira tikuphethira pamadzi. Kumbuyo kwa boti lililonse kwaima ndodo zowedzera, khumi kapena kuposa, zitaloza kumwamba ngati minga ya nungu. Akafika pakuya, woyendetsa amachepetsa moto wa injini mpaka botilo liziyenda ngati munthu wopita kudimba, makilomita 4 pa ola kapena kuposa pang'ono. Nangula saponya, injini sazimitsa. Liziyenda choncho mpaka dzuwa litafika paliwombo.

Pambedza palibe nyongolotsi, palibenso kansomba. Pali kachitsulo kopyapyala, kopindika ngati supuni yothyoka chigwiriro, kopakidwa utoto wowala. Kakangokhala phee, palibe nsomba ingakacheukire. Koma kakamakokedwa kamagwedezeka, kamapendama, kamang'anima ngati kansomba kovulala kotsalira m'mbuyo mwa tinzake, ndipo nsomba yolusa imalephera kuugwira mtima. Uwedzi wotere, wokoka nyambo kumbuyo kwa boti loyenda, eni ake amautcha trolling.

Wowedza wa pagombe amaponya mbedza n'kudikira kuti nsomba imupeze. Wokoka nyambo amachita kuinyamukira nsombayo, ndipo m'mawa uliwonse amadzuka ndi funso limodzi: kodi lero ili pakuya bwanji? Nyanja ya Michigan ndi ya masikweya kilomita 58,000, pafupifupi nyanja ya Malawi kuiphatikiza kawiri, ndipo pena imaya mamita 281. Nsomba ikhoza kukhala pansi penipeni pa boti lako, koma nyambo ikadutsa mamita 10 pamwamba pake ubwerera chimanjamanja. Waya wa mkuwa, mpira wa mtovu, thabwa loyandama, kabokosi koona pansi pa madzi, zonsezi ndi mayankho amene mibadwo yosiyanasiyana yapereka ku funso lomwelo. Chovuta n'chakuti nyanjayo yasintha nsomba zake kangapo m'zaka 100 zokha, ndiye yankho la bambo silinkamuthandiza mwana.

Chingwe cha pankhafi

Azungu asanafike, m'mbali mwa nyanja za Superior, Michigan ndi Huron munkakhala anthu a mtundu wa Anishinaabe, omwe ndi a Ojibwe, a Odawa ndi a Potawatomi. Ndiwo yawo yodalirika inali nsomba, makamaka whitefish ndi lake trout. Lake trout ndiyo inali mfumu ya pansi pa nyanja, nsomba yamawangamawanga, yonona, yotha kukhala ndi moyo zaka zoposa 20. Ngakhale dzina lake la sayansi, namaycush, linachokera m'zilankhulo za eni nthaka a kumeneko.

Zambiri ankazigwira ndi maukonde ndi mikondo, koma kukoka nyambo ankakudziwanso. Mayi Frances Densmore, amene analemba miyambo ya a Ojibwe m'buku lomwe linatuluka mu 1929, anafotokoza momwe msodzi ankamangira chingwe padzanja n'kuchikulunganso kunkhafi. Akamapalasa bwato lake la makungwa, nkhafi ikamalowa ndi kutuluka m'madzi, nyambo kumbuyoko inkathamanga, kuzengereza, kuthamanganso. Nzeru imeneyi, yakuti nsomba imakopeka ndi nyambo yodzidzimuka kuposa yoyenda mwaulemu, sinakalambe. Ndi yomweyo imene woyendetsa boti la injini ziwiri amaitsata lero akamakhotakhota panyanja ngati woledzera.

Koma chingwe cha pankhafi chinali ndi nyengo yake, ndipo chifukwa chake chagona pa khalidwe la madzi a kumaiko ozizira. Madzi amalemera kwambiri akakhala pa madigiri 4. M'miyezi ya Epulo ndi Meyi, chisanu chitangotha, nyanja yonse imakhala yozizira kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndipo nsomba zimayenda paliponse, ngakhale m'mphepete. Pofika Julayi dzuwa limakhala litafunditsa madzi a pamwamba mpaka madigiri 20 kapena kuposa. Madzi ofundawo ndi opepuka, choncho amayandama pamwamba pa ozizira ngati mafuta pamsuzi. Pakati pa awiriwa pamakhala malire pomwe kuzizira kumakula msangamsanga munthu akamatsika, ndipo akatswiri amawatcha thermocline. Lake trout imakonda madzi a madigiri 10 kapena kucheperapo, ndiye dzuwa likakula imathawira pansi pa malirewo, mamita 20, 30, mwinanso 40.

Malirewo nawo sakhala pamodzi. Mphepo ya kumadzulo ikawomba masiku angapo imaunjika madzi ofunda kugombe la kum'mawa, malire n'kutsikira pansi. Ikatembenuka n'kuyamba kuchokera kumtunda, imakankhira madzi ofunda pakati, ozizira n'kutumphuka m'mphepete. Nsomba zomwe dzana zinali kutali pakuya zimapezeka lero pakhomo penipeni pa doko.

Supuni, mkuwa ndi galamafoni

Nkhani imene asodzi a ku America amakonda kukamba ndi ya Julio Buel, mnyamata wa ku Vermont. Akuti tsiku lina akudya m'bwato pa nyanja ya Bomoseen anagwetsera supuni m'madzi. Ikumira inkapendama uku ikung'anima, ndipo anaona nsomba yaikulu ikuimbwandira. Atafika kunyumba anadula zigwiriro za masupuni n'kulumikizako mbedza. Nkhani ikayenda pakamwa pambiri sikulephera kuthiridwa mchere, koma mathero ake ndi olembedwa: mu 1848 Buel anayamba kupanga nyambo zachitsulo zogulitsa ku Whitehall, m'dera la New York, ndipo mu 1852 boma linamupatsa chikalata chomuzindikira kuti nzeruyo ndi yake. Mu 1906 Lou Eppinger wa ku Detroit anasula supuni yakeyake, yomwe kuyambira 1918 yakhala ikutchedwa Dardevle. Yofiira ya mzere woyera ikugulitsidwabe mpaka lero.

Supuni inayankha funso la chokopera nsomba. La kuya linayankhidwa ku Finger Lakes, nyanja zowonda koma zakuya za m'dera la New York, komwe Seneca imafika mamita 188. Kumeneko kunafala njira yotchedwa ndi dzina la Seth Green, katswiri woweta nsomba wa ku Rochester amene anamwalira mu 1888. Kumapeto kwa chingwe chachikulu ankamangako mtovu wolemera, ndipo m'kati mwa chingwecho ankalumikizamo tizingwe tingapo motalikirana, ngati nthambi za mtengo, kalikonse ndi supuni yake. Mwa njira imeneyi munthu ankawedza makwerero angapo a madzi nthawi imodzi, ndipo nthambi imene yadyedwa ndiyo inkamuuza pomwe nsomba zili tsiku limenelo.

Ena ankagwiritsa ntchito waya wa mkuwa, womwe umamira wokha chifukwa cha kulemera. Msodzi ankaugwira pamanja, chala atachikulunga kuti chisachekeke, n'kumaukoka ndi kuubweza mkono uli jegwejegwe tsiku lonse. Wayayo ankamuuza zonse: apa supuni yagunda mwala, apa yakhudza matope, apa yakola udzu, apa yadya. Vuto linali posunga waya wa mamita 100 m'kabwato popanda kupiringizika. Anzeru ena anapasula magalamafoni akale opukusa pamanja, otchedwa Victrola, n'kutenga sipuling'i yake kuti izikulunga waya msodzi akamakoka nsomba. Makina opangidwira nyimbo anathera m'bwato, akununkha nsomba.

Kupalasa tsiku lonse uku ukukoka mtovu ndi ntchito yothyola msana. Amene anaupepuza msanawo ndi Ole Evinrude, wobadwira ku Norway koma wokulira ku Wisconsin. Mu 1909, mumzinda wa Milwaukee kugombe la kumadzulo kwa nyanja ya Michigan, anayamba kugulitsa kainjini kopachika kumbuyo kwa boti. Mu 1934 O. G. Schmidt wa ku Fargo, m'dera la North Dakota, anapanga kamota ka batire koyenda mwakachetechete, komwe kanabala kampani ya Minn Kota. Tsopano liwiro la nyambo silinkadaliranso mphamvu za mkono.

Kutsidya kwa nyanja ya mchere, ku Finland, msodzi wosauka wa pa nyanja ya Päijänne dzina lake Lauri Rapala ankayang'anitsitsa momwe nsomba zolusa zimasankhira chakudya. Anaona kuti pagulu la tinsomba zimathamangira kamene kakusambira motsimphina. Mu 1936 anasema kansomba ka khungwa lopepuka lotsekera mabotolo, anakakuta ndi pepala lonyezimira la chokoleti, n'kusungunula mafilimu akale a zithunzi kuti apakepo m'malo mwa vanishi. Ankakakoka kumbuyo kwa bwato lake lopalasa. Mu Ogasiti 1962 magazini ya Life inalemba za nyambo yake m'kope lomwelo lomwe linali ndi nkhani ya imfa ya Marilyn Monroe. Kopelo linagulidwa ngati mtedza, ndipo maoda a nyambo za Rapala anasefukira.

Alendo osaitanidwa

Pamene zipangizo zinkapita patsogolo, nsomba zoti ziwedzedwe zinali zikutha. Kuyambira kalekale mathithi a Niagara anali ngati linga lotchinga zamoyo za kumunsi kuti zisakwere kunyanja za kumtunda. Ngalande ya Welland, yomwe inatsegulidwa mu 1829 n'kumakulitsidwa pambuyo pake kuti sitima zizilambalala mathithiwo, inatsegulanso chipata kwa ena osalipira msonkho. Chakudza sichiimba ng'oma. Mu 1921 munapezeka sea lamprey m'nyanja ya Erie, mu 1936 mu Michigan, mu 1938 mu Superior.

Lamprey imaoneka ngati mkunga koma ilibe nsagwada. Kukamwa kwake ndi kozungulira, kodzaza mano, ndipo imadziphatika panthiti pa nsomba ngati msundu, kuboola khungu ndi lilime lake laukali n'kumayamwa magazi. Imodzi yokha ikhoza kupha nsomba zolemera makilogalamu 18 pa nthawi imene imakhala m'nyanja. Inapeza lake trout itafooka kale ndi maukonde a asodzi a malonda, ndipo inangomalizitsa. Isanabwere, America ndi Canada ankakolola makilogalamu pafupifupi 7 miliyoni a lake trout pachaka m'nyanja za kumtundazi. Pofika zaka za m'ma 1960 anali atatsika kufika pa makilogalamu 136,000. M'nyanja ya Michigan nsombayi inatheratu.

Maiko awiriwa anakhazikitsa bungwe la Great Lakes Fishery Commission mu 1955. Pamalo a kafukufuku a Hammond Bay akatswiri anayesa mankhwala pafupifupi 6,000 mpaka anapeza amodzi, otchedwa TFM, omwe amapha ana a lamprey m'mitsinje momwe amakulira koma osapha nsomba zambiri. Kuthira kunayamba mu 1958 ndipo kukupitirira mpaka lero, chifukwa akangolekerera mdaniyo amabwerera.

Pachoka mnzako pali malo. Kansomba ka m'nyanja ya mchere kotchedwa alewife, koyera ngati siliva, kotalika ngati chikhatho, kanaoneka mu Michigan mu 1949 ndipo kanapeza palibe wokadya. Kanaswana mosaneneka, mpaka pofika m'ma 1960 akatswiri ankati mwa makilogalamu 10 alionse a nsomba za m'nyanjayo, pafupifupi 9 anali alewife. Kansombaka sikapirira madzi akasintha msanga kutentha, choncho kankafa mwaunyinji. Mu 1967 magombe a Chicago ndi matauni ena anakutidwa ndi mitembo yake. Makatapila ankachita kuunjika milu n'kukakwirira, ntchentche zili ng'waa, alendo odzapuma atathawa fungo. Nyanja yaikulu chotero inalibe nsomba yoti munthu n'kuikokera nyambo.

Chaka cha misala ya coho

Mu 1964 boma la dera la Michigan linaitana Howard Tanner, mwana wa komweko amene ankagwira ntchito ku Colorado, kuti adzatsogolere nthambi ya za nsomba. Ena ankaona alewife ngati mliri. Tanner ankaona msipu wopanda ng'ombe. Maganizo ake anali obweretsa salmon ya m'nyanja ya Pacific, nsomba yolusa, yokula msanga, yodya pakati pa madzi pomwe alewife amayenda. Anthu anali atayesapo kuthira salmon m'nyanjazi kuyambira m'ma 1870 koma osaphula kanthu. Kusiyana kwake tsopano kunali kwakuti chakudya chinalipo chamwanaalirenji, ndipo lamprey inali itayamba kugonja.

Kumapeto kwa 1964 kunabwera mazira a salmon ya mtundu wa coho kuchokera ku Oregon. Pa 2 Epulo 1966 Tanner anatsanulira tiana toyamba mumtsinje wa Platte, ndipo m'nyengo imeneyo tiana pafupifupi 660,000 tinathiridwa mu Platte ndi mu Bear Creek. Mu 1967, pansi pa Wayne Tody amene analowa m'malo mwake, anawonjezera mtundu waukulu wa chinook, womwe asodzi amangoutcha mfumu.

Salmon imabwerera kumtsinje womwe inachokera kukaswa, ikatero n'kufa. Chakumapeto kwa Ogasiti 1967 tiana ta coho tija tinabwerera titasanduka zinsomba za makilogalamu 5, 6, zina kuposa. Mbiri inawanda ngati moto wa lupsa. Anthu anakhamukira kumadoko a Manistee ndi Frankfort ndi chilichonse choyandama, magalimoto okoka maboti atandanda makilomita, mafuta ndi nyambo zikutha m'masitolo. Ambiri anali ozolowera tinyanja ta kumtunda, okhala ndi timaboti ta mamita 4 kapena 5, osadziwa kuti Michigan ikakwiya imakhala nyanja yeniyeni. Loweruka pa 23 Seputembala, machenjezo a zanyengo ataperekedwa koma ambiri osawamvera, kunabuka namondwe. Maboti oposa 150 anagudubuzika kapena kuponyedwa pagombe, ndipo asodzi 7 anamwalira. Kuyambira tsiku limenelo anthu anaphunzira kuti nyanjayi imafuna boti lalikulu, wailesi yolankhulirana ndi khutu lomvera zanyengo.

Mpira wa mtovu

Nsomba zinalipo tsopano, koma funso lakale lija linabwerera. Salmon zikakhala pakhomo pa mtsinje aliyense ankatha kuzikola. M'miyezi yotentha zinkakhala kutali, m'madzi a madigiri 10 mpaka 12, pansi pa gulu la alewife. Kumanga mtovu wolemera pachingwe kunkafikitsa nyambo pansi, koma nsomba ikadya munthu ankalimbana ndi mtovuwo kuposa nsombayo.

Asodzi a malonda a kugombe la Pacific anali kale ndi njira yotsitsa zitsulo zolemera pa waya wachitsulo. A ku Michigan anaichepetsa kuti ikwane pa boti la banja, poyamba ndi mawilo a tinjinga ta ana ndi zitsulo zotola, kenako makampani ngati Big Jon ya ku Traverse City anayamba kupanga zogulitsa. Chipangizocho chimatchedwa downrigger. Ndi gudumu lokulunga waya, lokhala ndi kamkono kotulukira kunja kwa boti ndi kawotchi kowerenga kuya. Kumapeto kwa waya kuli mpira wa mtovu wa makilogalamu 4 mpaka 7, ndipo pafupi ndi mpirawo pali kopanira ngati ka zovala. Msodzi amataya nyambo kumbuyo mamita angapo, kupanitsa chingwe chake pakopanirapo, n'kutsitsa mpira mpaka pomwe akufuna. Kenako amakunga chingwe mpaka ndodo itapindika ngati uta.

Ndodo yopindikayo ndiyo aliyense amaiyang'ana. Nsomba ikadya, chingwe chimasomphoka pakopanira, ndodo n'kuwongoka njo, kamphindi kamodzi kokha. Kenako imagwada mwamphamvu, chokulungira chingwe n'kuyamba kulira. Wina amakuwa kuti yadya, wina akulumphira ndodo, wina akupukusa mpira kuti usakole. Mfumu yokhwima ikhoza kuthawa ndi mamita 100 a chingwe isanapume, ndipo pakati pa munthu ndi nsomba palibenso mtovu, pali chingwe chokha. Boti siliima, chifukwa likangoima nyambo zina zonse zimira n'kupiringizana.

Downrigger inafika nthawi imodzi ndi maso ake. Carl Lowrance wa ku Joplin, m'dera la Missouri, ndi ana ake ankadumphira pansi pa nyanja n'kuona kuti nsomba zimaunjikana m'malo ochepa, kwina konse kuli gwaa. Mu 1957 anayamba kugulitsa makina otumiza phokoso pansi n'kumvera kubwerera kwake, ndipo mu 1959 anatulutsa kabokosi kobiriwira komwe kanatchuka dziko lonse la America. Lero pali galasi loonetsa magulu a alewife ngati mitambo, ndi kachipangizo kopachika pamwamba pa mpira kouza msodzi kuzizira kwa madzi ndi liwiro la nyambo pansi pomwepo. Liwirolo limasiyana ndi la pamwamba chifukwa pansi pa nyanja pali mikokomo yakeyake.

Boti la masiku ano limayala nyambo ngati mlimi woyala mizere. Malamulo a ku Michigan amalola ndodo zitatu pa munthu, ndiye anthu anayi akhoza kukoka nyambo 12. Pakati pali za downrigger, zozama kwambiri. M'mbali mwake muli za Dipsy Diver, kambale kamene kakamakokedwa kamadzimiza kokha n'kupatukira kumbali, nsomba ikadya n'kumasuka kuti kasalimbane ndi msodzi. Kunja kwenikweni kuli matabwa oyandama otchedwa planer board, omwe amanyamula chingwe n'kupita nacho mamita makumi angapo kutali ndi phokoso la injini. Kumatabwako amakonda kumangako chingwe chokhala ndi mtovu m'kati, chomwe chimasintha mtundu pa mamita 9 alionse, ndipo mtundu umodzi umamiza nyambo pafupifupi mita imodzi ndi theka. Choncho asodzi pawailesi satchula mamita, amangouzana kuti zikudya pa mitundu 7 kapena 10.

Utoto wa nyambo nawo uli ndi malamulo ake. Madzi amameza kuwala kofiira poyamba, kobiriwira ndi kwa buluu kumafika pansi, n'chifukwa chake nyambo zozama zimakhala zobiriwira, zabuluu kapena zowala mumdima. Ndipo kukhota kuja kuli ndi ntchito. Boti likakhota, nyambo za kunja kwa khona zimathamanga n'kukwera, za m'kati zimazengereza n'kutsika. Mbali imene yadyedwa ndiyo imauza woyendetsa ngati awonjezere moto kapena achepetse. Nkhafi ya m'Ojibwe ija inkachita zomwezi.

Amene anatsala pagombe

Salmon inadzutsa matauni a m'mbali mwa nyanja. Kunabadwa maboti aganyu otengera alendo kokawedza, mipikisano, masitolo ndi malo ogona. Koma phwandoli silinali la onse. Boma la Michigan linasankha poyera kuti nyanjayo ikhale ya owedza mosangalala, ndipo linachepetsa ziphaso za asodzi a malonda n'kuletsa machera ambiri kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Mabanja omwe anakhala akuponya maukonde mibadwomibadwo anakokera maboti awo kumtunda.

Eni nthaka sanavomere. Pangano la mu 1836, lomwe makolo awo anapereka nalo dziko ku boma la America, linawasiyira ufulu wopha nsomba. Mu 1971 Albert LeBlanc wa ku Bay Mills anaponya machera dala kuti amangidwe, nkhaniyo ikafike kukhoti. Mu 1979 woweruza Noel Fox anagamula kuti ufuluwo ukadalipo ndipo boma la dera silingauphwanye. Pamadoko panali chidani, maboti ndi maukonde a eni nthaka zikuonongedwa usiku. Mtendere unabwera ndi mapangano ogawana madera a nyanja, loyamba mu 1985, lina mu 2000. Zidzukulu za anthu amene anayamba kukoka nyambo pamadzi amenewa zinachita kupita kukhoti kuti zipatsidweko mbali.

Mlendo ndi mame

Mu 1988 m'nyanja yaing'ono ya St. Clair munapezeka tinkhono ta zigoba ziwiri totchedwa zebra mussel, tomwe tinabwera m'madzi olemetsera sitima zochokera ku Ulaya. Pambuyo pake panafika tinzake, quagga mussel, tomwe tinayala pansi pa nyanja ya Michigan ndi ya Huron ngati mphasa. Tinkhonoti timasefa madzi n'kudya tizomera tosaoneka ndi maso tomwe ndi phata la chakudya cha zamoyo zonse za m'nyanja. Madzi anayera mbee, okongola kuwaona koma osabala. Nsomba zinayamba kuona boti patali n'kulithawa, ndipo asodzi anatalikitsa zingwe, anachulukitsa matabwa oyandama, n'kubwereranso ku waya wa mkuwa wa agogo awo, tsopano atamukulunga pa chokulungira chamakono.

Pamwamba alewife ankadyedwa ndi salmon, pansi ankalandidwa chakudya ndi tinkhono. Salmon nazo zinali zitayamba kuswana zokha m'mitsinje, moti boma silinkadziwanso chiwerengero cha pakamwa pomwe nyanja ikudyetsa. Mu Huron chingwe chinaduka mu 2003 ndi 2004. Alewife anatha, mfumu zinayamba kugwidwa zoonda, mitu ikuluikulu, kenako zinasowa. Madoko omwe ankadzaza maboti aganyu anakhala zii.

A ku Michigan anaona moto uli kwa mnansi. Anachepetsa tiana ta chinook tothiridwa m'nyanja kangapo, ndipo mu 2013 anadula pafupifupi theka, kuchoka pa 3.3 miliyoni kufika pa 1.7 miliyoni pachaka. Kuyambira 2011 kamwana kalikonse kochokera kosweretsa kankadulidwa kachipsepse kakang'ono ka pamsana pafupi ndi mchira, kuti wogwira nsomba adziwe ngati ndi yoweta kapena yobadwira kumtsinje. Zinadziwika kuti zoposa theka ndi zobadwira kumtsinje. Pakamwa patachepa, zotsala zinanenepa: mu Ogasiti 2021, kunja kwa doko la Ludington, mnyamata wina anakola mfumu ya makilogalamu 21.7, kuposa mbiri yomwe inakhalapo kuyambira 1978.

Ku Huron nako nyanja sinafe. Alewife ankadya tiana ta nsomba za komweko, ndipo m'thupi mwake muli chinthu choononga vitamini B1, chomwe chinkafoola mazira a lake trout zomudya. Atachoka, lake trout inayambanso kuswana yokha. Nsomba ina yotchedwa walleye inachuluka mu Saginaw Bay mpaka boma linaleka kuthiramo tiana mu 2006. Lero m'chigawo chimenecho maboti amakoka nyambo pang'onopang'ono m'madzi osaya, matabwa oyandama atandanda mbali zonse, ndipo kumbuyo kwa kachitsulo kozungulira, pambedza, nthawi zambiri pamakhala nyongolotsi.

Ku Ludington maboti akutulukabe mumdima. Akabwerera, nsomba zimayalidwa pathebulo lotumbulira, alendo akujambula zithunzi ndi kuyeza kulemera. Woyendetsa wakale sayang'ana sikelo. Amatenga mpeni, kung'amba mimba ya mfumu yoyamba n'kufinyira za m'chifu pathabwa. Akapezamo alewife atatu kapena anayi onenepa, amatsuka mpeni wake akuimba mluzu. Akapeza chifu chopanda kanthu amakhala kaye chete, maso ali kunyanja, kenako n'kutenga nsomba yachiwiri.